A Gwedeza ndi Bafa Lakale la ku Jebel Ali

Bambo Gwedeza amwalira sabata yathayi kwawo ku Ntcheu. Wandiuza ndi mwana wawo wamkazi, amene anapeza nambala yanga kuchikuto cha kope lina la bambo ake. Anati sanadwale nthawi yaitali, ndipo pamaliro wolankhula m'malo mwa banja ananena kuti malemu anakagwirako ntchito ya zomangamanga ku Dubai, n'kubwerako atapuma pantchito. Ndinamupepesa mwanayo monga mwa mwambo, koma nditadula foni ndinapsa mtima kwambiri. A Gwedeza sanapume pantchito. Anathamangitsidwa ngati mbala, atapatsidwa masiku owerengeka oti alongedze, ndipo pepala limene linawagonjetsa linali ndi siginecha yanga.

Tinadziwana pa kampani ina yomanga mahotela, imene sindiitchula dzina chifukwa inafa kalekale ndipo eni ake anabalalika. Ine ndinali injiniya wapasaiti. Iwo anali saveya, munthu woyeza malo ndi kukhoma zikhomo posonyeza modutsa maziko. Amalawi pakampanipo tinalipo awiri okha. Tsiku loyamba anandifunsa mfunda wanga asanandifunse dzina, ndipo kuyambira pamenepo ndinali Nabanda mpaka tsiku limene tinasiyana.

Anali atapitirira zaka makumi asanu ndi limodzi, wamtali, wowonda, wa imvi mutu wonse. Ankavala tayi pasaiti, kunsi kwa chovala chonyezimira cha ogwira ntchito, ngakhale mu Ogasiti pamene chitsulo chimaotcha dzanja. Pensulo ankaimangirira kuchingwe m'khosi ndipo ankaisongola ndi lezala. Makina oyezera amakono ankawadziwa bwino, koma nambala iliyonse ankailembanso m'kope, ati kompyuta ilibe manyazi, ikanama siyang'ana pansi. Mawu amene ankadana nawo kuposa onse anali a Chiarabu akuti yalla, kutanthauza fulumira. Foromani akawakuwira kuti yalla, yalla, iwo ankavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta pang'onopang'ono mpaka wokuwayo atatopa yekha.

Sindiwayeretsa chifukwa choti afa. Anali munthu wovuta, wa lilime lakuthwa, ndipo kupepesa sankakudziwa. Mwezi wanga wachiwiri pantchito anandigwetsetsa matabwa a mzati umene tinali titatsala pang'ono kuthiramo konkire, ati unapatuka ndi zala ziwiri. Anandifunsa pamaso pa anthu onse ngati uinjiniya ndinauphunzira pa wailesi. Ndinakalirira m'chimbudzi. Nditayezanso ndekha ndinapeza kuti mzatiwo unalidi utapatuka ndi zala ziwiri.

Amalawi ndi anzathu a ku Zambia tinkakumana masiku ena Lachisanu ku Al Garhoud, dera lina la kuno ku Dubai, kunyumba kwa mayi wina wogwira ntchito m'ndege. A Gwedeza anaitanidwako kamodzi kokha. Bambo wina wa muofesi anayamba kutamanda nsanja za mzinda uno, kuti kwathu tikanakhala ndi mtima wotere bwenzi tili patali. A Gwedeza anamusiya mpaka amalize, kenako anamufunsa ngati anayamba wafikako kukampu kumene omanga nsanjazo amagona, ndiponso ngati akudziwa mmene munthu amasambira ndi botolo limodzi la madzi atakhala padzuwa tsiku lonse. Ananyamula chipewa chawo nyama isanapse.

Nkhani ya madziyo inali yoona. Anthu athu apasaiti, ambiri a ku India, Pakistan ndi Nepal, ankagona kukampu ya kampani kuseri kwa nyumba zosungiramo katundu za ku Jebel Ali. Madzi ankabwera pa lole ya thanki ndipo ankatha basi yomaliza isanafike. A Gwedeza ankakhala m'fulati yabwino pamodzi ndi ife a maudindo, koma anali atapita kukaona ndi maso awo. Pamsonkhano uliwonse wa Loweruka m'mawa, mabwana akafunsa ngati pali china, iwo ankakweza pensulo. Zinafika poti anthu ankayamba kutseka mafayilo iwo asanatsegule n'komwe pakamwa.

Bafa lakale, nyumba yosambiramo yamakedzana, linapezeka nthawi imene mzinda wonse unali pa liwiro lomanga. Tinkakumba maziko a hotela m'mphepete mwa nyanja. Tembo, Mzambia wa ku Chipata amene ankayendetsa ekisikaveta, anatsitsa chifosholo cha makinawo n'kutukula njerwa zopyapyala, zakuda ndi mwaye. A Gwedeza anali chapatali ndi makina awo oyezera. Ndinawaona akuthamanga, koyamba ndi komaliza, n'kutsetserekera m'dzenje, n'kuima kunsi kwenikweni kwa chifosholocho.

"Mudala, mufuna kufa?" anatero Tembo atatulutsa mutu pawindo. "Chokaniko apo, foromani azanikalipira."

"Zimitsa injini, Tembo."

"Ni njerwa chabe."

"Ndiye undiuze amene anaotcha njerwa pansi pa mchenga wakuya chonchi. Zimitsa."

Tsiku limenelo ndinadziwa chimene ankayendera ndi kaburashi ka penti ndi kampeni kowakira m'chikwama chawo, zinthu zimene tinkawaseka nazo. Asanakhale saveya wa misewu, anagwira zaka zambiri ndi akatswiri ofukula zakale kwathu. Anayezapo ng'anjo zosungunulira chitsulo m'nkhalango za ku Kasungu, anatolapo mapale a mbiya m'mabwinja, anakoperapo zojambula za m'mapanga a ku Dedza. Ntchito imeneyo ndiyo ankaiyesa ntchito yawo. Zamisewu ndi zamahotela ankati n'zongodyera.

Poyamba kampani inakondwa kwambiri. Mabwana anaona kale m'maganizo mwawo hotela yokhala ndi bafa lamakedzana pansi pa galasi, alendo olemera akuyenda pamwamba pake atavala mataulo. Analemba ntchito Dokotala Salma, mayi wa ku Syria, katswiri wofukula zakale, ndipo anamupatsa anthu ochepa ndi mbali imeneyo ya saiti. A Gwedeza sanadikire kuti wina awatume. Anangosamutsira makina awo kumeneko.

Kwa miyezi ingapo mchenga unkachoka pang'onopang'ono, ndi mabeseni ndi maburashi, mpaka nyumba yonse inaonekera. Zinali zipinda zitatu zotsatizana, makoma ake a miyala ya m'nyanja yomata ndi laimu. Choyamba chinali chovuliramo, chokhala ndi mabenchi owakira kukhoma. Chachiwiri chinali chofundirako thupi. Chachitatu ndicho chinali chotentha: pansi pake panakhazikika pa timizati tanjerwa tofika m'bondo, kuti utsi wochokera m'ng'anjo ya kuseri kwa khoma uzidutsa kunsi, pansipo n'kumatentha. Mapaipi adothi, olumikizana ngati mfundo za nsungwi, ankabweretsa madzi kuchokera pachitsime, ndipo ngalande inkataya madzi akuda kunyanja. M'ngalandemo anapezamo chipeso cha fupa chothyoka mano, timabotolo ta mafuta, ndi miyala yokwechera mapazi, yosalala mbali imodzi chifukwa chogwira ntchito. Dokotala Salma ankati nyumbayo inali ya zaka mazana ambiri, ya nthawi imene pamalopo panali dooko la ngalawa zamalonda.

A Gwedeza anayeza njerwa iliyonse, kuipatsa nambala ndi kuijambula. Makope asanu anadzaza. Polowa m'zipindamo ankavula nsapato, ndipo aliyense ankayenera kuvula. Ndinaonapo bwana wamkulu wa kampani ataima ndi masokosi pamchenga wotentha, nsapato zili m'manja, saveya wake akumuuza popondera ndi posapondera. Nthawi ya chakudya chamasana ankaitana amisiri ndi onyamula simenti kuti adzaone. Ankawayendetsa chipinda ndi chipinda, kuwasonyeza pamene munthu ankavulira, pamene ankakhala, pamene ankatuluka thukuta. Ankawagwiritsa mwaye wa m'ng'anjo kuti aone kuti udakadetsabe zala.

Ndi Dokotala Salma ankalemekezana kwambiri ndipo ankakangana pafupifupi tsiku lililonse. A Gwedeza ankaumirira kuti bafalo linali la amalinyero ndi onyamula katundu padooko. Umboni wawo unali wakuti khomo linali limodzi lokha, mwala wa pakhomopo unali utadyeka pakati ndi mapazi ambirimbiri, ndipo mbiya zimene zinapezeka zinali za anthu wamba. Ankati anthu aja analibe magetsi kapena mapampu, koma anaona kuti munthu wosenza katundu ayenera kusamba madzi otentha, pamene ife a makireni ndi makompyuta talephera mpope umodzi.

"Bambo Gwedeza," anatero dokotalayo tsiku lina ine ndili pomwepo, "zimenezo sitingazitsimikize. Mwina kunali kolipira. Mwina amene ankasonkha moto m'ng'anjomu anali kapolo amene sanasambemo ngakhale kamodzi. Mukufuna miyala ilankhule mkwiyo wanu."

A Gwedeza anayamba kusongola pensulo.

"Za kapoloyo mwina mukunena zoona," anatero. "Ndiye tiyeze bwino malo amene ankaima. Nayenso alembedwe."

Sindinawamvepo akugonja kwa munthu wina aliyense.

Kenako mabanki a kunja anagwa, ndipo chimphepocho chinafika kuno. Makireni anaima zitsulo zili lende m'mwamba. Mabasi a kampani anayamba kubwera ochepa, mipando yambiri ili yopanda anthu. Munthu unkadya naye Lolemba, Lachitatu n'kupeza desiki yake ili mbee. Dokotala Salma anauzidwa kuti ntchito yake yatha kafukufuku ali pakati, ndipo sabata isanathe anali atakwera ndege. Lipoti lake lopita ku ofesi ya boma yoona zinthu zakale analisiya m'manja mwa kampani, monga mgwirizano wake unkanenera, ndipo anamutsimikizira kuti litumizidwa. Linangokhala m'dirowa.

Kunabwera bwana watsopano, wodzagulitsa chilichonse chimene chikanagulitsika. Anapeza wofuna kugula malo a hotelayo, koma wogulayo ankafuna malo oyera, opanda chinthu choti boma lingabwere kudzatchinga ndi mpanda.

Linali Lachinayi m'mawa pamene Tembo ananong'oneza a Gwedeza kuti wauzidwa athire mafuta m'makina ndipo asunthire kubafa. Iwo anavula nsapato, kutsikira m'chipinda chotentha chija, n'kukhala pansi pakati pa timizati, makope ali pamiyendo. Dzuwa linafika paliwombo akadali pompo. Anthu anasiya zimene ankachita n'kuima m'mphepete mwa dzenje. Bwana uja anatulukira ali wofiira nkhope.

"Bambo Gwedeza, tulukani. Ano ndi malo a kampani."

"Lipoti la Dokotala Salma linapita liti kuboma?"

"Zimenezo si za saveya."

"Ndiye kuti silinapite."

"Tamverani. Anthu akuchotsedwa ntchito tsiku lililonse. Malo ano akagulitsidwa, ena apulumuka. Mukufuna ndisankhe njerwa m'malo mwa anthu?"

"Musandinamize ndi anthu amene munalephera kuwapatsa madzi osamba. Lamlungu m'mawa ofesi ya boma ikamatsegula, idzandipeza pakhomo ndi makope awa. Ndikukuuzani pamaso kuti musadzati ndinakuzemberani."

Bwanayo anakodola Tembo kuti ayandikitse makina, mwina pofuna kuwaopseza. Tembo anazimitsa injini, kutsika, n'kusiya kiyi pampando.

"Bwana, ine siningaponde munthu," anatero. "Khalas, basi, zatha."

Bwana anabwerera kuofesi, ndipo anthu anaganiza kuti nkhalamba yapambana. Ine ndinathamangira m'dzenjemo ndi botolo la madzi.

"Bambo, mwawauziranji? Mukanangopita mwakachetechete."

"Ine si wakuba, Nabanda, kuti ndiziyenda mobisala."

Mpaka lero mawu amenewo amandipsetsa mtima. Masiku amenewo maofesi a boma ankatseka Lachisanu ndi Loweruka. Ndi chilungamo chawocho anapatsa anthu aja masiku awiri athunthu, ndipo iwo anafunikira limodzi lokha. Munthu wodziwa kuyeza zala ziwiri pa mzati analephera kuyeza mtima wa munthu amene anali ataima pamaso pake.

Koma ndisabisale kumbuyo kwa kulakwitsa kwawo. Madzulo a Lachinayi lomwelo, tisanaweruke, bwana anandiitana. Patebulo panali pepala lonena kuti chimene chinapezeka pasaiti chinali chithanki chakale cha madzi cha asodzi, chongogumuka, choopsa kwa ogwira ntchito, ndipo chiyenera kuchotsedwa. Pambali pake panali mndandanda wa ochotsedwa ntchito sabata yotsatira, utatembenuzidwa chadodolido, koma moti ndiuone. Sanandiopseze ndi mawu. Anangondipatsa cholembera. Ndinali nditalowamo m'zipinda zija wopanda nsapato, ndinali nditagwira chipeso chija ndi dzanja langa. Ndinasaina. Zifukwa ndinali nazo, koma sindizilemba pano, chifukwa a Gwedeza sanazilandire ndipo inenso masiku ano sindizilandira.

Lachisanu saiti inali yotseka. Bwana anabwereka makina ndi dalaivala kwina.

Loweruka m'mawa titatsika basi tinapeza dzenje lalikulu la makona anayi, losalazidwa bwino. Makoma, mabenchi, timizati, ng'anjo, zonse zinali zitapita pa malole kumalo otayako zogumulidwa, kumene zinasakanikirana ndi zinyalala za nyumba zina. A Gwedeza anaima m'mphepete kwa kanthawi, kenako anatembenuka.

"Tembo, tenga tepi."

"Mudala, mupima chani manje? Kulibe chinthu."

"Tiyeza chimene achotsa. Gwira uko."

Anayeza dzenjelo m'litali, m'lifupi ndi kuya kwake, Tembo atagwira nsonga ya tepi misozi ikutsika. Analemba zonse patsamba lomaliza la kope lachisanu, pamodzi ndi tsiku ndi ola.

Lamlungu anapitadi. A boma sanachedwe, anafika tsiku lomwelo, amuna awiri ndi mayi mmodzi. Anayang'ana zojambula zija nthawi yaitali, kenako anayang'ana dzenje, ndipo nkhope zawo zinasintha. Atafunsa bwana kuti chachitika n'chiyani, iye anatulutsa pepala lija. Mayiyo analiwerenga mokweza mpaka pansi.

"Injiniya amene anasaina apa alipo?"

Ndinakweza dzanja. A Gwedeza anali ataima patsogolo panga. Anatembenuka pang'onopang'ono, kundiyang'ana, n'kutembenukanso. Akanandilalatira ngati tsiku la mzati lija bwenzi zili bwino.

A boma anatsegula mlandu, koma kampani inagwa mlanduwo usanafike patali, ndipo bwana uja anazimiririka. Wogula uja, atamva kuti pali mlandu, anathawa. Malowo sanagulitsidwe. Palibe ngakhale munthu mmodzi amene ntchito yake inapulumuka chifukwa bafa linagumulidwa. A Gwedeza anachotsedwa sabata yomweyo, pa mlandu wotulutsa zikalata za kampani popanda chilolezo. Tembo anachotsedwa tsiku lotsatira. Ine ndinatsala miyezi inayi, mpaka tsiku limene anakhoma maloko pageti.

Tsiku limene a Gwedeza ankanyamuka ndinapita kubwalo la ndege kukawaperekeza, ngakhale sanandiitane. Anali masana. Pamalo oimika magalimoto panali mizere ya magalimoto osiyidwa ndi anthu othawa mzinda, atakutidwa ndi fumbi. Ndinawapeza pamzere, atavala tayi, chikwama cha makope atachikolekera pachifuwa. Ndinafuna kuwanyamulira sutikesi koma anakana.

"Bambo, ndinaopa," ndinatero.

"Tonse tinkaopa. Mukuganiza kuti Tembo sankaopa?"

"Ndikhululukireni."

"Simunalakwire ine. Mukawapeza amene anaumba njerwa zija, mukapepese kwa iwowo."

Mzere unasuntha, iwo n'kukankha sutikesi ndi phazi.

"Chinthu chimodzi chokha, Nabanda. Mukamadzafotokoza nkhaniyi, musadzati nthawi inali yoipa. Nthawi ilibe dzanja. Mudzanene kuti ndinasaina."

Sitinalankhulanenso. Ndinawalembera kawiri, osayankha. Ndinamva kwa Tembo, amene tsopano ali ku Lusaka, kuti Dokotala Salma anayesetsa kuti kafukufukuyo asindikizidwe pamodzi ndi zojambula za a Gwedeza, koma anauzidwa kuti zonse ndi katundu wa kampani, ndipo pafunika chilolezo cha eni ake. Eni akewo kunalibe. Chipeso, timabotolo ndi miyala yokwechera ija zinali m'makatoni m'kontena ya pasaiti, ndipo kontenayo inagulitsidwa pamodzi ndi mipando ndi mafiriji. Chatsala ndi makope asanu m'bokosi lachitsulo ku Ntcheu. Mwana wawo anandifunsa pafoni kuti zojambula zimenezi n'za nyumba ya ndani, ndipo ngati n'zofunika kusunga, poti chiswe chayamba kulowa m'bokosimo. Ndinamuuza kuti azikulunge m'pulasitiki ndipo asapatse munthu aliyense wobwera ndi dzina la kampani.

Lachisanu lapitali ndinayendetsa galimoto kupita kumalo a hotela aja. Mbali zonse kwamera nyumba zazitali, koma chigawo chimenecho chidakali chopanda kanthu. Mpanda wa malata unagwa mbali ya kunyanja, ndipo mchenga unalowa n'kukwirira dzenje lonse. Zitsulo za maziko a hotela zatulukira apo ndi apo, zadzimbiri, mapepala apulasitiki atakodwamo. Kanyumba ka mlonda kalibe chitseko, m'kati mwake mukugona amphaka. Chapakati, pamene pali posalala, amuna ena ochokera kumakampu ankasewera kiriketi, atakhoma timitengo titatu mumchenga. Ndinayenda uku ndi uku kufuna kupeza pamene panali khomo lija, koma ine injiniya wa zaka zonsezi sindinathe kuloza ngakhale ngodya imodzi.

Pafupi ndi msewu pali chikwangwani chachikulu chimene dzuwa lachiwaula. Analembapo m'Chingerezi ndi m'Chiarabu kuti malowa akugulitsidwa, ndi osalala, ndipo pansi pake palibe chilichonse cholepheretsa kumanga. Zimenezo tsopano n'zoona.